Opaleshoni ya fupa la m'khosi yodzera m'mphuno

Munthu akamapukusa mutu, pafupifupi theka la kutembenukako limachitikira pa mafupa awiri oyamba a khosi, amene madokotala amawatcha C1 ndi C2. Lachiwirili lili ndi kamsonga konga dzino kotchedwa odontoid, ndipo loyambalo limazungulira pa kamsongako. Kuseri kwake kwenikweni kumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, woyendetsa manja, miyendo ngakhalenso kupuma.

Nyamakazi yotupitsa mfundo, TB ya m'mafupa, chotupa kapena chilema chobadwa nacho zingasunthe kamsongako mpaka kuyamba kupanikiza mtsemphawo. Wodwala amamva dzanzi m'manja, mabatani a malaya amamukanika, amayenda dzandidzandi, ndipo ena amatsamwa pomeza.

Kwa zaka zambiri madokotala ankachotsa kamsongako podzera m'kamwa. Ankayasamitsa wodwala ndi zitsulo kwa maola angapo n'kucheka kummero, mwinanso kung'amba nyama yofewa ya kumwamba kwa m'kamwa. Lilime linkatupa, bala linkanyowa ndi malovu odzaza majeremusi, ndipo ambiri ankatha masiku akupumira ndi kudyera m'machubu.

Mu 2005, gulu la dokotala Amin Kassam ku Pittsburgh, m'dziko la America, linalengeza kuti lachotsa kamsongaka podzera m'mphuno. Panjira imeneyi amalowetsa kachubu konenepa mamilimita 4 kokhala ndi nyali ndi kamera. Dokotala wa mphuno amawongolera kamerayo, pamene wa ubongo amapala fupalo pang'onopang'ono ndi kamakina, onse maso ali pa sikirini. Poti bala limakhala pamwamba pa njira ya chakudya, odwala ambiri sachedwa kuyamba kupuma okha ndi kudya.

Komatu kuchepa kwa khomo sikuchepetsa ntchito. Fupa la kumwamba kwa m'kamwa limatchinga zida kuti zisafike m'munsi kwambiri, choncho njirayi siyenera aliyense. Zithunzi za CT ndi MRI ndizo zimagamula. Kachikopa kokuta ubongo kakabooka, madzi ake amachucha ndipo pangabuke matenda oumitsa khosi. Komanso kamsongako kakachoka mutu umatsala wogwedera, motero nthawi zambiri madokotala amachekanso kunkhongo kuti amange mafupawo ndi tizitsulo. Mtsempha umapulumuka, koma wodwalayo akafuna kucheuka amatembenuka ndi mapewa omwe, moyo wake wonse.