Botolo loumbidwa m'kompyuta

Amene amajambula pa makoma a magolosale ndi malo ometera ku Kauma amalidziwa vuto ili. Wamaliza kupenta botolo la chakumwa, mwini shopu n'kufika, kuliyang'ana, n'kunena kuti, "Achimwene, likanapendekeka pang'ono." Ndiye kufufuta, kugula penti wina, tsiku n'kupita pachabe.

Ojambula ena odzilemba okha ntchito, amene amapanga zithunzi za malonda, zikuto za mabuku ndi mapositala, anapeza njira yolizemba vutoli. Imatchedwa 3D. Botololo salijambula ayi. Amaliumba m'kompyuta, monga mayi aumbira mbiya, likhale ndi kutsogolo, kumbuyo ndi pansi.

Dongo lake ndi manambala. Kadontho kalikonse ka botololo kali ndi manambala atatu osonyeza pamene kali: chakumanja kapena kumanzere, m'mwamba kapena pansi, pafupi kapena patali. Timadontho tikalumikizidwa timapanga tizigawo ta makona atatu kapena anayi, tolukana ngati ukonde. Tikachepa, botolo limaoneka ngati losema ndi nkhwangwa. Tikachuluka limasalala, koma kompyuta imayamba kulemedwa. Kenako wojambula amaveka ukondewo khungu, kaya la galasi, malata kapena chitenje, n'kuika nyali ndi kamera zongoyerekeza.

Chotsala ndi masamu okhaokha, amene amawatcha rendering. Kompyuta imalondola kuwala kumene kwagunda, kumene kwabwerera ndi kumene mthunzi ugwere. Apa ndi pamene laputopu ya kaunjika imatentha ngati mbaula, chithunzi chimodzi n'kudya maola. Magetsi akathima ntchito ili pakati, batire n'kutha, umayambiranso.

Mtengo wa pulogalamu si chifukwa chodandaulira. Blender, imene anaiyambitsa Ton Roosendaal wa ku Netherlands, yakhala yaulere kuyambira 2002, ndipo si chidole: filimu ya Flow ya ku Latvia, yopangidwa ndi pulogalamuyi, inapata mphoto ya Oscar mu 2025. Kuno kwathu luso loumba m'kompyuta lafika kale mpaka pa simenti. Mu 2021 ku Salima kunatsegulidwa sukulu imene makoma ake anamangidwa ndi makina a kampani ya 14Trees m'maola 18, makinawo akungotsatira pulani ya m'kompyuta.

Koma ine zithunzi zambiri za 3D sizindigwira mtima. Zimasalala mopitirira, nkhope ngati za zidole za m'mashopu a zovala. Ojambula ochenjera amagwiritsa choumbacho ngati mafupa chabe. Amaumba minibasi kamodzi, kuitembenuza mpaka kasitomala atavomera pa WhatsApp kuti mbali yake ndi imeneyi, kenako n'kujambula pamwamba pake ndi dzanja: dzimbiri la pachitseko, fumbi la mu Okutobala, kondakitala atatulutsa mutu pawindo.