Phunziro la pa Chipyela

M'gawo lapitalo la mbiri ya Mpingo wa Anglikani tidalekezera pa imfa ya Bishopu Charles Mackenzie, amene adamwalira ndi malungo pafupi ndi pamene Ruo athira m'Shire pa 31 Januwale 1862, itangotha miyezi isanu ndi umodzi chikhazikitsire mishoni ya ku Magomero. Wolowa m'malo mwake, Bishopu William Tozer, adasamutsira ntchitoyo ku Zanzibar mu 1864, ndipo padapita zaka zambiri amishoni a UMCA asanabwerere kuno. Lero, awerengi, tiwolokere ku chilumba cha Likoma, kumene amishoniwo adakhazikitsa likulu lawo la kunyanja mu 1885. Pakati pa atsogoleri a ntchitoyo padali ansembe awiri, William Percival Johnson ndi Chauncy Maples.

Mlendo aliyense wofika pa Likoma salephera kukaona tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera. Mwala wa maziko ake udaikidwa mu 1903, mapemphero adayamba kuchitikamo mu 1905, ndipo chidapatulidwa mu 1911. Maples sadachione ndi maso, pakuti adamira m'nyanja mu 1895 atangodzozedwa kumene kukhala bishopu, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Ambiri amachita kaso ndi kukula kwa nyumbayi, koma ndi owerengeka amene amafunsa tanthauzo la dzina la malo amene idamangidwapo. Malowo ndi Chipyela. Anzathu a kunyanja amati kupya pamene ife timati kupsa. Tsono Chipyela ndi malo otentherapo. Pamenepo mpamene kale ankatentherapo amoyo anthu oganiziridwa kuti ndi mfiti. Ndiye kuti nyumba yopemphereramo idamangidwa pa bwalo limene anthu ankalira popanda wowaleretsa.

Wina angaganize kuti nkhaniyi ndi ya Azungu odziwa zonse amene adadzaphunzitsa makolo athu kuleka nkhanza. Iyayi, mbiri sitero. Kwawo kwa amishoniwo nakonso kudali Chipyela chawo. Mfumu James, yomwe idalamula kumasulira kwa Baibulo lotchuka la Chingerezi la 1611, idalembanso buku lonena za ufiti mu 1597, ndipo mu ulamuliro wake, m'chaka cha 1604, mudakhazikitsidwa lamulo lokhwima lolanga mfiti. Anthu ambiri, makamaka amayi osauka ndi okalamba, adanyongedwa m'dziko la England chifukwa chonenezedwa ufiti, ndipo milandu yotere idadzathetsedwa mu 1736.

Kuwonjezera apo, Mpingo wa Anglikani umaudziwa moto pa thupi lake lomwe. Thomas Cranmer, Arkibishopu wa ku Canterbury, ndiye adakonza Buku la Mapemphero loyamba la mpingowu mu 1549. Mfumukazi Mary italowa ufumu, iye adamangidwa, ndipo chifukwa cha mantha adasaina zikalata zokana chiphunzitso chake. Komabe pa 21 Malichi 1556 adamutenthera mu mzinda wa Oxford. Tsiku limenelo adabweza kukana kwake pamaso pa khamu, natambasulira m'malawi dzanja lake lamanja, limene lidasaina zikalata zija, kuti liyambe ndilo kupsa. Mpingo umene mmisiri wa mapemphero ake adafa imfa yotere suyenera kukhala chete pamene munthu wina akumusonkhera moto.

Nanga buku lakelo liphunzitsanji pa nkhaniyi? Kuyambira m'buku la 1552, ndiponso m'buku la 1662 limene lidafalikira m'maiko ambiri, chakumayambiriro kwa mwambo wa Mgonero wa Ambuye wansembe amawerenga Malamulo Khumi, anthu atagwada nayankha lamulo lililonse ndi pempho la chifundo. Mwa malamulowo, lachisanu ndi lolemekeza makolo, lachisanu ndi chimodzi ndi loletsa kupha, ndipo lachisanu ndi chinayi ndi loletsa umboni wonama. Munthu woloza chala gogo wake kuti ndi mfiti amaswa lachisanu ndi lachisanu ndi chinayi nthawi imodzi, natsegulira njira anzake kuti aswe lotsalalo. Buku lomwelo limalangiza wansembe kuti asalole ku gome la Ambuye anthu amene akusungirana chidani kufikira atayanjana. Katekisimu nayenso salekanitsa udindo wa munthu kwa Mulungu ndi udindo wake kwa mnansi wake. Mwachidule, chikhulupiriro chimene chimayimbidwa Lamulungu chimayesedwa Lolemba pa chitsime ndi pa bwalo la mfumu.

M'chaka chomwe tchalitchi cha pa Chipyela chidapatulidwa, 1911, boma la atsamunda lidakhazikitsa lamulo loletsa kumwetsa mwavi, kusaka mfiti ndi kuneneza munthu ufiti. Koma lamulo la papepala silidazimitse moto wa m'mitima. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu anayi okalamba adaphedwa ndi khamu powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Izi zidachitika m'dziko limene, malinga ndi kalembera wa 2018, anthu oposa atatu mwa anayi alionse amadzitcha Akhristu. Funso loti tidzifunse, kaya ndife a Anglikani kaya a mpingo wina, nali: pamene khamu likutola miyala, obatizidwa amakhala ali kuti?

Sitikunyoza chisoni cha ofedwa. Imfa ya mwana imapweteka, ndipo mtima wosweka umafuna wina woti umuloze. Koma taonani amene amalozedwa kawirikawiri: mayi wamasiye wokhala yekha, nkhalamba imene mutu wayamba kuiwala nkumasochera usiku, kapena gogo amene munda wake ena akuusirira. Wamphamvu ndi wachuma salozedwa wamba. Makolo athu adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga tikatentha dambolo, moto wa m'mudzi udzazimira kuti?

Kutsata Khristu pa nkhaniyi sikulira maphunziro a ku koleji. Kumayamba ndi lilime: mphekesera ikafika pa khomo lanu, ithere pomwepo. Kumapitirira ndi mapazi: amayi a chigwirizano ndi achinyamata a kwaya akamayendera nkhalamba, kuitungira madzi ndi kuifolerera denga, mudzi umadziwa kuti munthuyo ali ndi eni ake, ndipo wofuna kumuneneza amayamba waganiza kawiri. Wodwala apite naye ku chipatala msanga, kuti malungo atchulidwe dzina lake lenileni. Pa maliro, mlaliki asankhe mawu otonthoza, osati oponya miyambi yoloza anthu. Ndipo zinthu zikafika poipa, pafunika wina wothamangira kwa mfumu ndi ku polisi, ndi winanso woima pa khomo la wonenezedwayo. Kutero nkoopsa ndithu, ndipo ngakhale Cranmer adayamba wachita mantha. Koma mantha sadakhale mawu ake otsiriza.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tonsefe, Mulungu akatisunga, tidzamera imvi, tidzayenda ndi ndodo, mwinanso kuyankhula tokha pa khonde. Mudzi umene tikuumba lero ndi umene udzatiweruze tsiku limenelo. Anthu a ku Likoma adasenza miyala nkumangira nyumba ya Mulungu pa malo a phulusa. Miyala ili m'manja mwathu nafenso. Chatsala nkusankha chochita nayo.

M'gawo lotsatira tidzaona za moyo wa Bambo Leonard Kamungu, wansembe wa kunyanja amene adakalalikira ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia, namwalira komweko mu 1913.