Mchere wa mphika umodzi sunena za mphika wina

Mayi akafuna kudziwa ngati mchere wamveka m'ndiwo, sadya mphika wonse. Amatakasa bwinobwino, n'kudontheza timsuzi pachikhatho, n'kunyambita. Kafukufuku wa boma pa za mowa ndi mankhwala osokoneza bongo amayendanso choncho.

Ku America kafukufuku wotere anayamba mu 1971. Lero amatchedwa National Survey on Drug Use and Health, ndipo amene amamuyendetsa ndi nthambi ya boma ya SAMHSA. Chaka chilichonse amafunsa anthu pafupifupi 70,000 a zaka 12 kupita m'tsogolo, m'dziko la anthu oposa 330 miliyoni. Ndi dontho la pachikhatho limenelo. Kutakasa kwake n'kusankha makomo mwa maere, kuti a m'tauni ndi akumudzi, olemera ndi osauka, onse apezekemo. Ndipo poti palibe amene angaulule pamaso pa mlendo kuti amasuta chamba, wofunsayo akafika pa mafunso ochititsa manyazi amamupatsa munthu kompyuta ndi zomvera za m'makutu, iye n'kukhala potero. Munthu amamva funso yekha, n'kudina yankho yekha, ngakhale mkazi wake ali pompo sadziwa chimene wayankha.

Koma kafukufukuyu amagogoda pa makomo a anthu basi. Kundende safikako. Ogona mumsewu, ogonekedwa nthawi yaitali m'zipatala, asilikali amene ali pa ntchito, onsewa sawerengedwa. Iwowa ndi mphika wina, uli pamafuwa ena. (Nafenso kuno, akalembera a ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba akamayenda ndi kafukufuku wa zaumoyo wa m'mabanja, kumene amalowa ndi m'makomo, osati kundende za Maula kapena Chichiri.)

N'chifukwa chake nthambi ina, Bureau of Justice Statistics, imalowa yokha m'ndende kukafunsa akaidi za moyo wawo asanamangidwe. Lipoti lake la mu 2017, lochokera pa mafunso a pakati pa 2007 ndi 2009, linapeza kuti akaidi 58 pa 100 aliwonse m'ndende zoyendetsedwa ndi zigawo za dzikolo anali ndi vuto la mankhwala osokoneza bongo: ena sankatha kukhala osamwa, ena mankhwalawo ankawaonongera moyo. M'ndende za m'maboma ang'onoang'ono, mwa amene anali atagamulidwa kale, anali 63 pa 100. Kunja, pakati pa akuluakulu okhala m'makomo mwawo, anali pafupifupi 5 okha.

Wongowerenga za m'makomo angaganize kuti vutoli ndi laling'ono, osadziwa kuti ambiri mwa ovutikitsitsa anachotsedwa kale pakhomo wofunsa asanafike. Wongowerenga za kundende angayambe kuloza chala aliyense wosuta kuti ndi chigawenga, pamene ziwerengerozi sizinena chimene chinayamba, kaya ndi mankhwala, umphawi kapena mlandu.

Chimene chimandiwawa ine chili m'lipoti lomwelo. Mwa akaidi amene anapezeka ndi vutoli m'ndende za zigawo, 28 okha pa 100 ndiwo analowapo m'ndondomeko yowathandiza kusiya mankhwala chilowereni m'ndende. M'ndende zing'onozing'ono zija anali 22. Otsalawo chilango chikatha amatuluka ndi matenda omwe analowa nawo, kubwerera kwa akazi awo, ana awo ndi makolo awo.