MFUU WA M'CHIWINDI: ZIMENE MOWA UCHITA M'KATI MWA MUNTHU

Aliyense amene anafikapo pa msika wa Limbuli, m'boma la Mulanje kufupi ndi malire a Muloza, adziwa kuti ndalama sigona pamenepo. Chimanga chifika panjinga kuchokera ku Milange m'dziko la Mozambique, ndipo a m'minda ya tiyi abwera ndi malipiro awo. Koma pamene pali ndalama kachasu sachedwa kufika. Tsono nkoyenera kuti awerengi athu amve zimene madokotala apeza pa za mowa ndi chiwindi, pakuti nkhaniyi siili monga ambiri aiganizira.

Ambiri amati mowa uotcha chiwindi monga moto uotcha udzu. Nzoona kuti chiwindi posungunula mowa chimatulutsa poizoni wotchedwa acetaldehyde. Koma mbali yaikulu ya chiwonongeko ichokera kwina. Mowa wambiri umafooketsa khoma la matumbo, kotero kuti zinyenyeswa za tizilombo tokhala m'matumbomo zimadutsa ndi kulowa mumtsempha waukulu wopita kuchiwindi. M'chiwindimo muli alonda, ndiwo maselo a Kupffer, otchedwa dzina la Mjeremani Karl von Kupffer amene anawalongosola m'chaka cha 1876. Alondawa akaona zinyenyeswazo amakuwa, ndipo mfuu wawo ndiwo mankhwala amene amawatulutsa poitana anzawo, makamaka otchedwa TNF-alpha.

Wokhala kumudzi adziwa chimene chichitika munthu akakuwa usiku kuti m'munda mwalowa wakuba. Amuna amathamanga ndi zibonga ndi miuni, ndipo pofika m'mawa chimanga chopondedwa ndi othamangitsawo chiposa chimene wakubayo akadasenza. Momwemonso maselo oyera a m'magazi, akamva mfuuwo, amakhamukira kuchiwindi napweteka mnofu wabwino. Zikachitika kamodzi chiwindi chimachira, pakuti ndi chiwalo chodziwa kudzikonza chokha. Koma kwa wakumwa tsiku ndi tsiku alonda sagona. Mabala asanduka zipsera, chiwindi chiuma ndi kukwinyika, maso achita chikasu, mimba idzala madzi, ndipo ena amasanza magazi.

Izi si zongoganizira ayi. M'chaka cha 1994 Ronald Thurman ndi anzake a ku North Carolina, ku America, anaonetsa kuti makoswe opatsidwa mowa sanavulale chiwindi pamene alonda aja anagonetsedwa ndi mankhwala, ndipo mu 1995 anapeza zomwezo pochepetsa tizilombo ta m'matumbo.

Wina anganene kuti: tsono bwanji osatseka pakamwa pa alondawo? Anayesa. Ku France anapatsa odwala mankhwala a infliximab oletsa TNF-alpha, koma kuyesako kunalekedwa panjira, ndipo lipoti la 1994 lija linasanduka phunziro lowawa mu 2004, popeza odwala ambiri anagwidwa ndi matenda ena oopsa. Mudzi wopanda mlonda ndiwo afisi alowamo. Ku Britain, pa odwala oposa 1,000 amene zotsatira zawo zinalengezedwa mu 2015, mankhwala a prednisolone anathandiza pang'ono m'mwezi woyamba, koma pakutha chaka panalibe kusiyana. Chimene chatsala ndi chakale chomwe chija, ndicho kuleka mowa. Chiwindi chongodzala mafuta chibwerera mwakale patapita masabata owerengeka, chazipsera sichitero.

Kuno kwathu mowa supeza chiwindi chopuma. Ena ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B osadziwa, ena anadwalapo likodzo la m'matumbo, ndipo chimanga kapena mtedza wochita chuku uli ndi poizoni wakewake wogwira chiwindi. Ogula ndi ogulitsa pa Limbuli asamale mfundo yotsirizayi, pakuti thumba losungidwa ponyowa lioneka labwino pamwamba.

Boma silinakhale chete. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002, mowa wa m'masacheti unaletsedwa mu 2015, patapita zaka zitatu Zambia italetsa wake, ndipo ndondomeko ya dziko yokhudza mowa inakhazikitsidwa mu 2017. Zonsezi nzoyamikika. Komabe lamulo ligwira msanga wa fakitale kusiyana ndi wotcheza kachasu kuseri kwa nyumba, amene ukali wa botolo lake palibe auyesa, ndipo wogula aliyesa ndi lilime lokha.