Zinenero ziwiri zimene zili kuseri kwa WhatsApp

Uthenga wa maliro kapena wa fizi ya mwana ukafika pa lamya ya m'manja kudzera pa WhatsApp, ndi ochepa amene amadziwa kuti makompyuta ounyamula amamvera chinenero chotchedwa Erlang. Mbiri ya chinenerochi ikuonetsa kusiyana kwa njira ziwiri zolembera mapulogalamu.

Njira yoyamba akatswiri amaitcha functional programming. Iyi ili ngati chigayo: mukathira chimanga, kumatuluka ufa. Ntchito iliyonse imalandira chinthu n'kutulutsa yankho limodzi, ndipo mukabwereza zomwezo yankho silisintha. Koma simungathire ufa kuti mutulutse chimanga. Lisp, chimene John McCarthy anayambitsa ku America mu 1958, ndicho chinatsegula njirayi, ndipo Haskell chinabwera mu 1990.

Njira yachiwiri ndi logic programming. Apa mlembi amangopatsa kompyuta mfundo ndi malamulo. Mwachitsanzo: Nagama anabereka Nabanda, Nabanda anabereka Chimwemwe, ndipo kholo la kholo ndi agogo. Mukafunsa kuti agogo ake a Chimwemwe ndani, kompyuta iyankha kuti Nagama. Mukatembenuza funso n'kufunsa zidzukulu za Nagama, lamulo lomwelo ligwirabe ntchito, ndipo ngati zilipo zambiri izitchula zonse. Ikasochera pofufuza, imabwerera m'mbuyo n'kuyesa njira ina. Chinenero chodziwika m'gululi ndi Prolog, chimene Alain Colmerauer ndi Philippe Roussel anapanga mumzinda wa Marseille ku France mu 1972.

Boma la Japan linakhulupirira kwambiri njira yachiwiriyi moti mu 1982 linakhazikitsa ntchito ya zaka 10 yopanga makompyuta oganiza. Ntchitoyo itatha, makinawo sanayende malonda.

Komabe Prolog sichinafe. Mu 1986 akatswiri a kampani ya matelefoni ya Ericsson ku Sweden, kuphatikizapo Joe Armstrong, ankafuna mapulogalamu oti asamaime ngakhale chigawo china chitavuta. Anayamba kulemba Erlang pogwiritsa ntchito Prolog, koma zinkayenda pang'onopang'ono. Pamapeto pake Erlang chinaima pachokha ngati chinenero cha njira ya chigayo, ngakhale kalembedwe kake kakufananabe ndi Prolog.

Kwa wachinyamata amene akuphunzira za makompyuta, funso loyamba n'lakuti ntchitoyo ikufuna chiyani: kuwerengetsera yankho limodzi, kapena kufufuza mayankho onse otheka, monga pokonza ndandanda ya maphunziro pasukulu.