Chala Choloza Kumene Kulibe Kanthu

Amalonda a chimanga a ku Milange, amene m'mamawa amachoka m'tsinde mwa phiri la Tumbine nakawoloka pa Muloza foni ili m'manja, amadziwa kuwawa kwa pulogalamu yodzitsekera yokha wogula ali chiimire. Ndipo mwa zifukwa zambiri zobweretsa tsoka lotere, chimodzi chimene akatswiri a makompyuta amachiopa kopambana ndicho null pointer.

Memory ya foni ili ngati mosungiramo matumba ambirimbiri, lililonse ndi nambala yake, ndipo pointer ndiyo kapepala kolembedwapo nambala ya thumba lofunikalo. Koma popeza nthawi zina kapepala kamakhalapo thumba lisanafike, pafunika chizindikiro chonena kuti kuno kulibe kanthu, ndicho null pointer. Tony Hoare, amene adaika chizindikiro chotere m'chiyankhulo cha ALGOL W m'chaka cha 1965, adavomera yekha mumzinda wa London mu 2009 kuti chimenecho chidali cholakwa chimene chidawonongetsa ndalama zokwana madola biliyoni.

M'chiyankhulo cha C, chimene Dennis Ritchie adachikonza ku Bell Labs cha m'ma 1972, wolemba pulogalamu amalemba 0 kapena NULL, komatu lamulo la chiyankhulocho silikakamiza kuti m'kati mwa makina mukhaledi maziro okhaokha, pakuti ndi ntchito ya compiler, pulogalamu yomasulira zolembazo kuti makina azimve, kuikamo nambala imene makinawo adaipatula. Motero makompyuta akale a Prime 50 ankalozera chigawo cha 07777, ndipo a CDC Cyber 180 nawonso anali ndi nambala yawoyawo.

Mafoni a Android a masiku ano amagwiritsadi ntchito ziro, ndipo Linux, imene ili pansi pake, imasiya dala chiyambi cha memory chili chotseka, kuti pulogalamu yolondola null pointer iimitsidwe pomwepo isanaipitse zambiri. Kuzima kumene kumakwiyitsa wamalonda kuja ndiko chitetezo chake. Zoopsa zenizeni zili m'titchipi ting'onoting'ono ta ARM Cortex-M toyendetsa zipangizo zambiri zamagetsi, mmene pa nambala 0 pamakhala ndandanda imene tchipi imawerenga ikamayaka, kotero kuti pulogalamu yosokera imatolapo kanthu, nipitirira mwakachetechete ndi bodza lake.

Chifukwa chake mnyamata kapena mtsikana aliyense wophunzira luso limeneli azolowere kuyamba wafunsa ngati pointer ili NULL asanaitsate, pakuti akuluakulu adanena kale kuti safunsa adadya phula.