Nyumba za ku Senga: kodi mmisiri nzeru zake amazitenga kuti?

Senga ndi imodzi mwa malokeshoni akale a mzinda wa Gweru, likulu la chigawo cha Midlands m'dziko la Zimbabwe. Chiyambire chaka cha 2000, pamene sukulu ya ukachenjede ya Midlands State University idatsegulidwa pamalo pomwe kale padali Gweru Teachers College, maonekedwe a derali asintha kwambiri. Ophunzira zikwizikwi amafuna pogona, choncho eni nyumba ambiri ku Senga ndi ku Nehosho awonjezera zipinda kumbuyo ndi m'mbali mwa nyumba zawo kuti azilandira lendi.

Chipinda chilichonse mwa zimenezi chidayamba ndi ganizo la munthu. Alipo amene adasankha komwe khomo liyang'ane, kukula kwa zenera ndi kutalika kwa denga. Nthawi zambiri munthuyo si katswiri wojambula mapulani, koma mmisiri wa m'dera yemwe amamanga zomwe maso ake adazolowera. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsa kuti nzeru zakezo zidachokera kuti, pakuti yankho lake limakhudza thanzi ndi chuma cha banja.

Cholowa cha m'komboni

Matauni a Midlands adakulira pa migodi: golide ku Kwekwe, kromu ku Shurugwi, asibesitosi ku Zvishavane ndi fakitale ya zitsulo ku Redcliff. Mamangidwe oyamba m'malo amenewa adali osiyanitsa anthu. Ku Kwekwe kudakali nyumba yotchedwa Paper House, yomwe idachokera ku Britain ili zidutswazidutswa cha m'ma 1894 kuti mukhale mkulu wa mgodi wa Globe and Phoenix. Makoma ake ndi a mapepala olimbitsidwa ndi waya, koma idaimikidwa pa mizati kuti mphepo izidutsa pansi.

Wantchito wakuda sadaganiziridwe chomwecho. M'buku lake la Chibaro, lomwe lidatuluka mu 1976, katswiri wa mbiri yakale Charles van Onselen adafotokoza kuti makomboni a m'migodi ankamangidwa n'cholinga chakuti olemba ntchito aziyang'anira antchito mosavuta ndi kuwaletsa kuthawa. Amuna ankagona mothithikana, ndipo chibayo chidapha ambiri. M'matauni namonso, malamulo monga la 1946 lokhudza malo ogona anthu akuda adabala timanyumba tofanana, tondandalikidwa m'mizere, ta denga lalifupi ndi mazenera aang'ono.

Utsamunda udatha mu 1980, koma muyeso wa chipinda cha m'komboni udatsalira m'manja mwa amisiri ambiri. Mmisiri amene adakulira m'chipinda chotere angathe kuona ngati ndi mmene chipinda chimayenera kukhalira.

Zomwe machona adabwera nazo

Ambiri mwa omwe ankalowa m'migodi imeneyi adali ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Mozambique. Ena adayenda wapansi, ena adakwera malole a ulere, ndipo ochuluka adatchona. Ngakhale nyumba zomwe adapatsidwa sizidali zawo, adabwera ndi makhalidwe akwawo. Achewa adapeza bwalo la gule wamkulu. Ayao adamanga mizikiti yoyang'ana ku Mecca. Akhristu adasonkhana m'mipingo yomwe pambuyo pake idakhala Sinodi ya Harare ya CCAP.

Kwawo kwa anthu amenewa nyumba siikhala yopanda khonde. Khonde limatchinga dzuwa, limateteza khoma ku mvula, ndipo ndi pomwe mlendo amalandiridwa, mayi amapetera ufa, ana amasewerera. Mayi wachichewa amadziwanso kuzira pansi ndi dothi mpaka kusalala, komanso kukongoletsa khoma ndi dothi lofiira, makala ndi phulusa. Anzawo achishona ali ndi luso lawo: khitchini yozungulira yokhala ndi mashelefu owumbidwa ndi dothi, pomwe mbiya ndi mbale zimayalidwa mwadongosolo. Kabati ya magalasi yomwe timaiona m'balaza la nyumba zambiri za m'tauni ikugwira ntchito yomweyo.

Akatswiri ophunzira nawonso amatunga pa chitsime chomwechi. Mu 2015 bungwe la MASS Design Group lidamaliza kumanga malo odikirira amayi oyembekezera pa chipatala cha boma ku Kasungu m'Malawi. M'malo momanga holo imodzi yaikulu, adatengera kamangidwe ka mudzi: tinyumba ting'onoting'ono tozungulira mabwalo, madenga otambalala opereka mthunzi, ndi njerwa za dothi zopanikizidwa ndi makina, zosafuna nkhuni zowotchera.

Maphunziro a pa chulu ndi pa miyala

Kumwera kwa Gweru kuli mabwinja a Naletale, omwe adamangidwa m'zaka za m'ma 1600. Makoma ake ndi a miyala yosanjikizidwa popanda matope kapena simenti, ndipo ali m'gulu la makoma okongoletsedwa kwambiri m'Zimbabwe monse. Amisiriwo kukongolako adakupeza m'kasanjidwe ka miyala yomwe idali pafupi nawo.

Mick Pearce, katswiri wobadwira ku Harare, iye adaphunzira kwa chiswe. Nyumba ya Eastgate yomwe adaijambula idatsegulidwa ku Harare mu 1996. Iye adatengera mmene chulu chimayendetsera mpweya m'timayenje take. Usiku mafani amakokera mphepo yozizira m'mipata ya pansi pa zipinda, simenti n'kusunga kuzizirako. Masana mpweya wotentha umakwera n'kutulukira m'machumuni a pa denga. Motero maofesi a m'nyumbayi amagwiritsa ntchito magetsi ochepa poyerekeza ndi nyumba zodalira makina oziziritsira.

Ku Burkina Faso, Francis Kéré adamangira mudzi wakwawo wa Gando sukulu mu 2001. Pokumbukira kutentha kwa kalasi yomwe adaphunziramo ali mwana, adamanga ndi njerwa za dothi ndipo adatukula malata kuwasiyanitsa ndi siling'i kuti mphepo izidutsa pakati. Mu 2022 adakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yapamwamba pa ntchito yojambula nyumba. Nzeru ngati zimenezi sizifuna ndalama zambiri, ndipo mmisiri wa ku Senga angathe kuzigwiritsa ntchito pa chipinda chimodzi.

Pamene lendi ilamula

Lero chomwe chikuwongolera dzanja la mmisiri ku Senga ndi kuwerenga mabedi. Palibe angadzudzule mayi wamasiye kapena bambo wopuma pantchito amene akudalira lendi kuti adye. Komabe chipinda chikamangidwa mpaka kugunda mpanda, zenera limasowa poyang'ana. Matailosi onyezimira ndi penti yowala zingakope mlendi, koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'chipinda chamdima, chothithikana ndi chopanda mpweya, chifuwa chachikulu cha TB chimafala msanga. Ku Gweru kumazizira kwambiri mu June ndi July, ndipo mbaula ya makala m'chipinda chotseka imapha anthu ali m'tulo.

Palinso nkhani ya chilolezo. Mu 2005 boma lidagwetsa nyumba ndi zipinda zomwe lidati n'zosaloledwa pa ntchito yotchedwa Murambatsvina. Lipoti la United Nations, lolembedwa ndi mayi Anna Tibaijuka, lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya pokhala kapena popezera ndalama. Ana ndi zidzukulu za machona adavutika koposa chifukwa adalibe mudzi wothawirako. Kwa banja lotere, pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ndi chitetezo cha chuma chokhacho chomwe ali nacho.

Zokambirana ndi mmisiri

Alangizi a zachitukuko ndi a zaumoyo angathandize mabanja kufunsa mafunso oyenera maziko asanakumbidwe. Kodi zenera lalikulu layang'ana kumpoto? Kuno kumwera kwa Africa dzuwa la nyengo yozizira limadzera chakumpoto, choncho zenera lotere limafunditsa chipinda mwaulere. Kodi mpweya uli ndi polowera ndi potulukira pa makoma awiri osiyana? Malamulo omangira m'mayiko ambiri amati mazenera asachepere gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pa chipinda. Kodi denga latuluka mokwanira kuti liteteze khoma, ndipo maziko akwera kuti madzi a mvula asalowe?

Denga lakale la asibesitosi nalo lifunika kusamala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa, ndipo ngozi yake ili mu fumbi. Mmisiri asalidule, asaliboole kapena kuliphwanya mwachisawawa.

Alimi akumudzi amene akusiya udzu n'kufolera ndi malata akumbukirenso kuti malata opanda siling'i amawotcha masana, usiku n'kuzizira. Siling'i ya bango kapena mphasa imachepetsa vutoli.

Mmisiri aliyense ali ndi aphunzitsi ambiri: komboni, mudzi wa makolo, chulu cha m'munda ndi zithunzi za pa foni. Udindo wa mwini nyumba ndi kukhala naye pansi n'kugwirizana kuti atsatire uti, chifukwa lendi imalandiridwa mwezi ndi mwezi, koma khoma likaima molakwika banja limakhala nalo zaka makumi ambiri.